Mmene Mungasankhire Felemu Yachitsulo Yoikamo Chithunzi

M'nyumba zambiri za ku Kasungu, kuyambira pa boma mpaka ku Mtunthama, Chamama ndi Santhe, zithunzi za ukwati, za chinkhoswe ndi za tsiku lomaliza maphunziro zimapachikidwa pakhoma la njerwa zootcha, pansi pa denga la malata, ndipo zimakhala pamenepo zaka zambiri zikulimbana ndi fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala komanso chinyezi cha m'dzinja. Felemu yamatabwa imavutika m'malo otere, chifukwa imafufuma mvula ikakhazikika, imalekana m'makona kunja kukauma, ndipo chiswe chikaipeza chimadya thabwa, katoni ya kumbuyo, mpaka chithunzi chenichenicho. Felemu yachitsulo imapewa mavuto amenewa, koma ambiri akafika pogula amangoyang'ana kutsogolo kwake, kunyezimira ndi mtundu, pamene zimene zidzasunge chithunzi kapena kuchiwononga zili kumbuyo, ndizo kuya kwa ngalande yolowamo galasi, kulimba kwa tizitsulo ta m'makona, ndi mpata umene chithunzicho chapatsidwa. N'chifukwa chake malangizo awa akuyambira kumbuyo, ndipo nkhani ya mtundu ibwera mochedwa mwadala.

Choyamba, tsimikizani kuti chimene mwagwira m'manja ndi chitsulo chanji. Ndodo zenizeni zopangira mafelemu achitsulo a zithunzi ndi za aluminiyamu, amene kufakitale amamutenthetsa ndi kumukankha pachikombole kuti atuluke ali ndodo yaitali yokhala kale ndi ngalande zake ziwiri, ina yolowamo galasi ndi chithunzi, ina ya kumbuyo yolowamo tizitsulo tomangira. Aluminiyamu amalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo wamba, sachita dzimbiri lofiira lija, ndipo alibe asidi amene amatuluka m'matabwa n'kusandutsa pepala kukhala lachikasu. Pamsika pamapezeka zinthu zina zooneka ngati iye. Pali mafelemu apulasitiki okutidwa ndi kapepala konyezimira kagolide kapena kasiliva, amene mukayang'ana podulidwa pake mumaona kuti mkati ndi pulasitiki wopepuka, ndipo makona ake amagwiridwa ndi timapini basi. Palinso a chitsulo wamba chopyapyala chopakidwa penti. Tengani maginito a m'sipika ya wailesi yakale popita kokagula: akamata, ndiye kuti ndi chitsulo chimene chidzachite dzimbiri, chifukwa aluminiyamu sakokedwa ndi maginito. Pulasitiki nayenso sakokedwa, koma mudzamuzindikira chifukwa sazizira m'manja ngati chitsulo, ndipo mukamugogoda ndi chala salira.

Amisiri athu owotcherera zitsulo amatha kupanga felemu yolimba, ndipo ya bolodi la zidziwitso pasukulu kapena ya chikwangwani cha panja ndi yabwino ndithu, koma sindingalangize munthu kuti aikemo chithunzi chimene amachikonda. Imalemera kwambiri, kutsegula kwake n'kovuta, ndipo dzimbiri likayamba mkati limathimbiriritsa m'mphepete mwa pepala. Aluminiyamu wa mawindo ndi makabati a m'sitolo nayenso ngalande zake anazipangira galasi lokha, osati galasi pamodzi ndi zina zonse zimene chithunzi chimafuna. Mtundu wina wa felemu ndi umene timauona m'mabanki ndi m'masitolo akuluakulu, wotseguka kutsogolo ndi kudzitseka wokha, umene ogulitsa amautcha snap frame. Umenewu ndi wa mapepala a malonda osinthidwa pafupipafupi, ndipo kapulasitiki kake kopyapyala kamagona pachithunzi penipeni, choncho ndi woyenera kalendala kapena ndandanda ya mitengo ya katundu, osati chithunzi cha agogo.

Mukadziwa chitsulo, yezani chithunzi. Musagule felemu chithunzi chisanatsukidwe, ndipo musadalire dzina la saizi limene akuuzani ku situdiyo, koma tengani lula kapena tepi muyeze nokha m'mamilimita. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 mulifupi ndi 297 mulitali, la A3 ndi 297 ndi 420, pamene chithunzi cha mainchesi 8 ndi 10 chimakhala mamilimita 203 ndi 254, ndipo cha mainchesi 8 ndi 12 chimakhala 203 ndi 305. Manambala amenewa ayandikana, koma sangalowerane m'malo. Makamera akuluakulu ambiri a ojambula amatulutsa chithunzi chimene utali wake ndi kamodzi ndi theka kuyerekeza ndi mulifupi, chimene chimakwana bwino pa 8 ndi 12, ndipo mukachikakamiza pa 8 ndi 10 ndiye kuti mainchesi awiri adulidwa. Pa chithunzi cha kwaya ya mpingo kapena cha kalasi yonse, mainchesi awiriwo ndi anthu amene anaima kumapeto kwa mzere. Kumbukiraninso kuti mlomo wa felemu, umene umagwira galasi kutsogolo, umaphimba mamilimita pafupifupi 5 kapena 6 mbali iliyonse.

Tsopano pakubwera gawo limene limalamulira zonse zotsatira, ndilo kudziwa zimene zidzalowe m'felemu. Chithunzi sichiyenera kukhudza galasi. Pamwamba pa zithunzi zambiri, makamaka zonyezimira, pamafewa pakalowa chinyezi, ndipo pakakanikizidwa ndi galasi pamamatirira. Amene anaonapo chithunzi chakale cha ukwati chokhala ndi timadontho takuda tooneka ngati tonyowa pansi pa galasi akudziwa chimene ndikunena, chifukwa pamenepo pepala ndi galasi zagwirana, ndipo wofuna kuzilekanitsa amasiya nkhope za anthu pagalasipo. Chotetezera ndi katoni yapadera yopanda asidi, yobowoledwa zenera pakati, imene opanga mafelemu amaitcha mat. Kukhuthala kwake ndi pafupifupi milimita imodzi ndi theka, ndipo kampata kameneko n'kokwanira kuti galasi lisafike pachithunzi. Ngati simukufuna kuti pakhale malire oyera kuzungulira chithunzi, pemphani timizere tapulasitiki timene amatibisa pansi pa mlomo wa felemu kuti tilekanitse galasi ndi pepala, ngakhale kuti pa chithunzi chachikulu pakati pamatha kutukuka n'kukafikabe pagalasi ngati sichinamatidwe pa bolodi.

Kumbuyo kwa chithunzi kumafunika bolodi loti chigonepo. Katoni ya sopo kapena ya mafuta ophikira, imene ambiri amangodula n'kuika, ili ndi asidi, imakoka chinyezi ndiponso imaitana mphemvu. Bolodi la utuchi wopanikizidwa lotchedwa MDF ndi lolimbako, koma nalonso limafufuma likanyowa ndipo siliyenera kugundana ndi chithunzi popanda pepala lopanda asidi pakati. Chabwino ndi bolodi lopepuka la mamilimita 5 lotchedwa foam board, kapena pulasitiki wa mizeremizere mkati amene olemba zikwangwani amagwiritsa ntchito, chifukwa pulasitikiyu samwa madzi ndipo chiswe sichimudya.

Galasi nalo lisankhidwe pa nthawi imeneyi, osati pambuyo. Galasi la zithunzi limakhala la mamilimita 2, koma ogulitsa magalasi ambiri amasunga la mawindo, la mamilimita 3 kapena 4. Kusiyana kumeneku kumaonekera pa kulemera, pakuti milimita iliyonse ya galasi imalemera makilogalamu awiri ndi theka pa sikweya mita imodzi. Galasi la mamilimita 600 mulifupi ndi 900 mulitali limalemera makilogalamu 2.7 likakhala la mamilimita 2, pafupifupi makilogalamu 4 likakhala la mamilimita 3, ndipo 5.4 likakhala la mamilimita 4. Pulasitiki woonekera wa Perspex amalemera pafupifupi theka la galasi lokhuthala mofanana naye ndipo sasweka msanga, choncho ndi woyenera m'makalasi, m'holo ya mpingo ndi m'chipinda cha ana, koma amakalika mosavuta ndipo amakoka fumbi akapukutidwa ndi nsalu youma, chimene si chinthu chaching'ono kwa munthu wokhala pafupi ndi msewu wafumbi.

Mukasankha zonsezi, ziphatikizeni. Galasi la mamilimita 3, mat ya milimita imodzi ndi theka, chithunzi, ndi bolodi la mamilimita 5 zimafika pafupifupi mamilimita 10. Nambala imeneyi ndiyo yoyamba kuitchula kwa wogulitsa. Ngalande ya felemu iyenera kuposa pamenepo ndi mamilimita angapo, chifukwa kumbuyo kwa bolodi kumalowa timasipuling'i topindika timene timakankhira zonse kutsogolo kuti zisagwedere. Ndodo zambiri wamba zimalola mamilimita a pakati pa 10 ndi 12, ndipo zakuya zimafika 20 kapena kuposa. Ngalande ikachepa, wokonza felemu amayesedwa kuchotsa mat kapena kuika katoni yopyapyala kuti zinthu zikwane, ndipo chithunzi chimataya chitetezo chimene munachilipirira. Ikakhala yakuya kwambiri vuto lake ndi laling'ono, chifukwa mukhoza kuwonjezera bolodi lina kumbuyo. Choncho mukakayikira pakati pa ndodo ziwiri, tengani yakuyayo. Musakhutire ndi kuuzidwa pakamwa, koma pemphani kachidutswa kotsala, mulowetse lula m'ngalande, kapena mulowetsemo zidutswa za galasi, mat ndi bolodi zili pamodzi kuti muone ndi maso.

Kuwerengera kukula kwa felemu kumayenda motere, titatenga chithunzi cha A3. Zenera la mat liyenera kuphimba chithunzi ndi mamilimita 3 mbali iliyonse kuti chisagwere kutsogolo, ndiye kuti likhala mamilimita 291 ndi 414. Mukafuna malire a mamilimita 60 kuzungulira, muwonjezere 120 ku nambala iliyonse, ndipo mat, galasi ndi bolodi zidulidwe mamilimita 411 ndi 534. Mkati mwa felemu muzikula kuposa pamenepa ndi mamilimita 3, kutanthauza 414 ndi 537. Mamilimita atatuwo si chizindikiro cha ntchito yosalongosoka, koma ndi mpata wofanana ndi umene kalipentala wodziwa amasiyira chitseko kuti chisamakakamire m'dzinja. Katoni ndi pepala zimakula zikamwa chinyezi, Perspex amakula kwambiri kuposa galasi kukatentha, ndipo zikasowa kolowera zimapindika, chithunzi n'kuyamba kuoneka mafundemafunde. Galasi lothina m'felemu yachitsulo limathanso kung'aluka pamene mukumanga makona. Poitanitsa, nenani momveka kuti manambala amene mukupereka ndi a galasi, ndipo funsani ngati wodulayo awonjezera yekha mpatawo, chifukwa onse awiri mukawonjezera, galasi limagwedera mpaka m'mphepete mwake kuonekera. Ndodo zimagulitsidwa zotalika pafupifupi mamita atatu, ndipo felemu ya m'chitsanzo chathu imadya mamita awiri osakwana pang'ono, choncho ndodo imodzi singatulutse mafelemu awiri otere.

Kenako ganizirani za mphamvu ya ndodo. Ndodo zoonda, zimene kutsogolo kwake ndi mamilimita 6 mpaka 10, zimakongola kwambiri pa zithunzi za A4 ndi A3, chifukwa diso silichedwa pa felemu. Chithunzi chikakula kufika pa A2 kapena A1, makamaka chikakhala ndi galasi la mawindo, ndodo yoonda imayamba kupindika, ya pansi imagoba pakati chifukwa cha kulemera, ndipo za m'mbali zimakokedwera mkati ndi waya wopachikira. Mphamvu ya ndodo imachokera kwambiri ku kuya kwake ndi kukhuthala kwa aluminiyamuyo kuposa kutambalala kwa kutsogolo, motero mukhoza kupeza ndodo yoonda kutsogolo koma yakuya kumbali imene inganyamule chithunzi chachikulu. Gwirani ndodo kumapeto onse awiri muyese kuipotokola pang'ono. Ikagonja mosavuta, isiyireni zithunzi zazing'ono.

Apa ndi pamene mtundu ukulowa. Aluminiyamu amamukongoletsa m'njira ziwiri. Pali amene ogulitsa amati ndi anodized, amene amamuviika m'mankhwala n'kudutsitsamo magetsi kuti pamwamba pake pakhale khungu lolimba lomwe ndi gawo la chitsulocho, ndipo mtundu wake sumatuka ngati penti, ngakhale kuti akakalika kwambiri chipseracho sichingakonzedwe. Pali wina wopakidwa penti, nthawi zambiri wa ufa wowotchedwa mu uvuni, amene amapezeka m'mitundu yambiri koma amatha kubenthuka podulidwa ndi m'makona. Kwa ine, wakuda wosanyezimira ndi wasiliva wosawala kwambiri ndi amene amalemekeza zithunzi zambiri. Wakuda amagwirizana ndi zithunzi zakale zopanda mitundu komanso zithunzi za muofesi, ndipo wasiliva amakhala bwino pa zithunzi zowala monga za ukwati kapena za nyama za ku Kasungu National Park zojambulidwa masana. Wagolide wonyezimira ali ndi omukonda ambiri, koma pa chithunzi cha chinkhoswe chodzaza ndi zitenje za mitundumitundu amalimbirana maso ndi zovalazo. Tengani chithunzi chenichenicho, muike kachidutswa ka ndodo pakona pake, mutuluke nazo pakhonde kuti muone pa kuwala kwa dzuwa, kenako mubwerere m'mbuyo mapazi angapo. Ngati mukukonza mafelemu ambiri a khoma limodzi, monga zithunzi za aphunzitsi akuluakulu amene anatumikirapo pasukulu kapena za abusa a mpingo, gulani ndodo zonse nthawi imodzi ndi kusungako ina, chifukwa mtundu umene ulipo lero ukhoza kusowa pamene mukufuna kuwonjezera chithunzi china.

Musanalipire, yang'anitsitsani kadulidwe ndi tizitsulo ta m'makona. Mapeto a ndodo iliyonse amadulidwa mopendeketsa madigiri 45, ndipo ntchitoyi imafuna makina okhala ndi mpeni wodulira aluminiyamu, chifukwa sowo yamanja imasiya mano ndi timipata timene pa chitsulo sitingabisike monga zimakhalira pa thabwa. Gundanitsani ndodo ziwiri pathebulo losalala: mzere wa pakona uzikhala wopyapyala wosadutsa kuwala, ndipo ndodo zoyang'anizana zikhale zofanana ndendende mukaziika msana ndi msana. Kona iliyonse imafuna tizitsulo tiwiri tokhota ngati chilembo cha L, kena kokhala ndi masikuluu, kena kosalala kogona pansi pake, ndipo masikuluu akamangidwa amatikankha kuti titalikirane n'kugwira zolimba m'ngalande ya kumbuyo. Werengani kuti tilipo tisanu ndi titatu, pamodzi ndi timasipuling'i tokwanira mbali zonse ndi tizitsulo tiwiri tomangapo waya. Tizitsulo timeneti kawirikawiri ndi ta chitsulo wamba ngakhale ndodo zili za aluminiyamu, choncho sankhani tokutidwa ndi mankhwala oletsa dzimbiri, ndipo kanani takuda bii kapena timene tayamba kale kufiira.

Ndodo zoterezi sizipezeka paliponse, ndipo mukazisowa pa boma mudzafunika kuziitanitsa ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 mumsewu wa M1. Apa felemu yachitsulo ili ndi ubwino umene yamatabwa ilibe, chifukwa imayenda yomasulidwa. Ndodo zinayi zokulungidwa m'pepala lililonse palokha, mat yoikidwa pakati pa makatoni awiri olimba, ndi kathumba ka tizitsulo zimakwera minibasi popanda nkhawa, ndipo galasi mukhoza kukadulitsa konkuno mutafika. Chofunika n'chakuti mufunsiretu kukhuthala kwa galasi limene likupezeka kwanu musanaitanitse ndodo, pakuti ndi limene lidzanene kuya kwa ngalande yofunika.

Pomanga, sankhani tsiku louma ndi malo opanda mphepo. Chithunzi chongotuluka kumene m'makina a inki chiyenera kukhala poyera tsiku lathunthu kapena kuposa chisanatsekeredwe, apo ayi chimasiya chifunga mkati mwa galasi. Chigwirizitseni ku bolodi ndi timakona ta zithunzi kapena ndi tizidutswa tiwiri ta tepi yopanda asidi kumtunda kokha, kuti chizitha kukula ndi kuchepa momasuka. Selotepi wamba ndi guluu zimasiya mabanga achikasu amene amatulukira mpaka kutsogolo. Ngati chithunzicho n'chakale ndipo palibe china chofanana nacho, monga cha makolo chojambulidwa m'zaka za m'ma 1960, musachimatitse m'pulasitiki wamoto ngati satifiketi, chifukwa sichidzatulukanso, ndipo ndi bwino kuchijambulitsanso, chatsopanocho chipite pakhoma, chenichenicho chisungidwe pamdima pouma.

Felemu yachitsulo ili ndi chofooka chimodzi chimene wogula ayenera kuchidziwa, ndicho chakuti kumbuyo kwake sikumatidwa ndi pepala monga zimachitikira ndi yamatabwa, motero fumbi ndi tizilombo ting'onoting'ono timapeza polowera. Njira yake ndi kuunjika galasi lopukutidwa bwino, mat, chithunzi ndi bolodi, kenako n'kumata m'mphepete monse ndi tepi yopanda asidi, imene ikwere pagalasi mamilimita awiri kapena atatu okha kuti ibisike pansi pa mlomo wa felemu. Mukatero lumikizani ndodo zitatu, mulowetse mtolo wonsewo pang'onopang'ono, muike ndodo yachinayi, ndipo mumange masikuluu mosinthanasinthana uku mukutembenuza felemu kuti muone ngati makona akukumana bwino kutsogolo. Timasipuling'i tilowe pomaliza, ndipo nkhope yanu ikhale patali potilowetsa, chifukwa timatha kufwamphuka.

Tizitsulo ta waya timangidwe m'ndodo za m'mbali, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera kumtunda, ndipo wayayo asakokedwe kwambiri. Felemu yaikulu ipachikidwe pa misomali iwiri yotalikirana, ndipo pakhoma la njerwa ndi bwino kuboola n'kuika sikuluu m'pulagi yake kusiyana ndi kukhomera msomali m'pulasitala, amene amagumuka. Matani timphira tiwiri kumakona a pansi kuti mpweya uzidutsa kumbuyo. Pewani khoma limene limanyowa m'dzinja, khoma loyang'anizana ndi zenera lolowetsa dzuwa, ndi malo ofika utsi wa mbaula, pakuti galasi wamba silitchinga mokwanira kuwala kumene kumasulutsa mitundu ya chithunzi. Mvula yoyamba ikadutsa, tsitsani felemu muone ngati masikuluu sanakhwepe ndiponso ngati kumbuyo kwake kuli kouma. Popukuta, nyowetsani kansalu kofewa m'malo mothira madzi pagalasi, chifukwa madzi othiridwa amatsikira m'ngalande ya pansi, ndipo mat imawakoka kupita nawo pachithunzi.